Bambo Armand David, Wansembe Amene Anasuzumira pa Mpanda wa Mfumu

Pakati pa ansembe amene Mpingo unatumiza ku dziko la China, alipo mmodzi amene dzina lake limamveka kwambiri pakamwa pa akatswiri a zinyama ndi zomera kusiyana ndi pakamwa pa ife akhristu. Sanalembedwe m'gulu la anthu oyera, ndipo alibe tsiku pa kalendala ya Mpingo. Komabe ulipo mtundu wina wa nyama umene mwina ukanatheratu pa dziko lapansi wansembeyu akanapanda kusuzumira tsiku lina pamwamba pa mpanda. Tikunena za Bambo Armand David.

Iwo anabadwa pa 7 Sepitembala 1826 m'tauni yaing'ono ya Espelette, kummwera kwa dziko la France. Bambo awo owabereka anali dokotala, munthu wokonda zachilengedwe, ndipo ndiwo amene anawazoloweza kuyang'anitsitsa mbalame, tizilombo ndi maluwa akutchire. M'chaka cha 1848 analowa chipani cha ansembe a Lazarist, chimene anayambitsa Vincent de Paul Woyera. Mtima wawo unali pa ntchito ya umishonale, koma akuluakulu a chipani anawatumiza kukaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ku Savona, m'dziko la Italy, kumene anakhala zaka pafupifupi 10. Chilolezo chopita ku China chinadza mu 1862.

Atafika ku Beijing anayamba kuphunzitsa ana, uku akutolera mbalame, zomera ndi tizilombo n'kumatumiza ku nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe ya ku Paris. Zimene ankatumizazo zinadabwitsa akatswiri kotero kuti boma la France linapempha mkulu wa chipani kuti awamasule pa ntchito zina, ayende m'dzikomo akufufuza zolengedwa. Mkuluyo anavomera. Apa tikuona kuti kufufuzako sanakuchite mozemba ntchito ya unsembe. Inali ntchito imene anaipatsidwa ndipo anailandira momvera.

Kummwera kwa Beijing kunali nkhalango yaikulu yotchedwa Nanhaizi, kumene mafumu a China ankachitirako uzimba. Inali yozingidwa ndi mpanda wautali makilomita ambiri, asilikali akulondera, ndipo munthu wamba sankaloledwa kupondamo. Mu 1865 Bambo David anasuzumira pamwamba pa mpandawo naona gulu la nyama zimene sanazionepo ngakhale m'buku. Zinali zonga mbawala zikuluzikulu, za nyanga zanthambi, mchira wautali ndi ziboda zotambalala zoyenera kuyenda m'madambo. Dzina lake ndi milu, koma anthu akumeneko ankaitchulanso ndi dzina lotanthauza kuti imafanana ndi nyama zinayi popanda kukhala iliyonse mwa izo, pakuti ankaona pa iyo nyanga za mbawala, khosi la ngamira, ziboda za ng'ombe ndi mchira wa bulu. M'tchire nyamayi inali itatsala pang'ono kutheratu, ndipo gulu la mumpandalo ndilo linali chiyembekezo cha mtundu wonse.

Sitibisa mmene anapezera umboni wa zimene anaonazo: anapereka ndalama kwa alonda, amene anawapatsa mobisa zikopa ndi mafupa. Mchitidwe wotere sitingauyamikire pophunzitsa katekisimu. Zikopazo zinafika ku Paris mu 1866, ndipo katswiri wina, Alphonse Milne-Edwards, anailemba nyamayi m'mabuku a sayansi naipatsa dzina la Elaphurus davidianus polemekeza wansembeyu. Mbiri itawanda, akazembe a maiko a ku Ulaya anayamba kupempha milu zamoyo, ndipo zingapo zinatumizidwa ku malo osungirako nyama a kumeneko.

Bambo David anayenda maulendo atatu aakulu. Woyamba unali wa ku Mongolia mu 1866. Pa wachiwiri anafika ku mapiri a Moupin, amene lero ndi Baoxing m'chigawo cha Sichuan, nakhala pa mishoni ina kumeneko. Pa 11 Malichi 1869, ali m'nyumba ya munthu wina wa m'deralo, anaona chikopa cha maanga oyera ndi akuda, cha nyama yonga chimbalangondo imene imadya nsungwi. Imeneyi ndiyo panda, imene anthu a ku Ulaya anali asanaidziwe. Patapita masiku, alenje anawabweretsera mwana wa panda, koma atamupha kale kuti asavute kunyamula. Umo ndi mmene sayansi inkayendera masiku amenewo: kudziwa nyama kunkayamba ndi kuipha, ndipo Bambo David anali munthu wa nthawi yawo.

Ngakhale zinali choncho, anaona patali kuposa anzawo ambiri. M'mabuku a maulendo awo anadandaula poona mapiri akumetedwa mitengo, nachenjeza kuti nkhalango zikatha, zolengedwa zambiri zidzapita nazo. Kwa iwo kuphunzira zolengedwa kunali njira yolemekezera Namalenga, choncho kuzitha kunali kunyoza ntchito ya manja ake. Nkhawa yawo inali yoona. M'mitsinje ya m'mapiri a China muli cholengedwa china cha pachibale ndi achule, chooneka ngati buluzi wamkulu, chimene chimatha kupitirira mita imodzi kutalika. Nachonso chinapatsidwa dzina lawo, Andrias davidianus, ndipo lero chili pafupi kutha m'mitsinjemo chifukwa chogwidwa ngati ndiwo ndiponso kuonongeka kwa madzi.

Maulendowa anawathera mphamvu. Atadwala kwambiri pa ulendo wachitatu, anabwerera ku France mu 1874 ndipo sanapondenso ku China. Mu 1877 anatulutsa, pamodzi ndi Émile Oustalet, buku lofotokoza mitundu 807 ya mbalame za m'dzikolo. Zaka zotsala anakhala ku likulu la chipani chawo ku Paris, kumene anamwalira pa 10 Novembala 1900.

Pamene iwo ankakalamba, tsoka linagwera milu za ku Nanhaizi. Cha m'ma 1895 madzi osefukira anagumula mpanda, nyama zambiri zinatuluka ndipo anthu, amene anali pa njala, anazipha n'kudya. Sitingawaweruze anthu amenewa. Zochepa zotsalazo zinaphedwa ndi asilikali achilendo amene analanda nkhalangoyo pa nkhondo ya mu 1900, chaka chomwecho chimene Bambo David anatsikira kuli chete.

Zinatsala ndi zija zinapita ku Ulaya, zomwazikana apa ziwiri apo zitatu, ndipo sizinkaswana bwino. Munthu wina wolemera wa ku England, Herbrand Russell, amene anali Duke wa ku Bedford, anazigula n'kusonkhanitsa milu 18 pa malo ake aakulu a Woburn Abbey, okhala ndi msipu ndi maiwe. Kumeneko zinayamba kuchulukana, ndipo zinapulumuka pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Milu iliyonse imene ili moyo lero inachokera m'gulu limeneli.

Mu 1985 gulu loyamba linabwezedwa pa ndege ku Nanhaizi, komwe kuja wansembe anasuzumira pa mpanda zaka 120 m'mbuyomo. Mu 1986 zina 39 zinatulutsidwa m'madambo a Dafeng, m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Jiangsu. Lero ziliko zikwizikwi ku China, ndipo zina zikukhala ndi kuswana kunja kwa mipanda.