Mayi Emma DeLany, Mphunzitsi wa Zosoka ku Mbombwe

Tonsefe tidaphunzira za Mbusa John Chilembwe tili pasukulu, koma ndi owerengeka mwa ife amene tidamvapo za mayi yemwe adagwira naye ntchito ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Ndafuna kuti m'kalata yathu ino tikumbutsane za moyo wake.

Mayi Emma DeLany adabadwa m'chaka cha 1871 ku Fernandina, m'chigawo cha Florida ku America. Adali munthu wakuda ngati ife, ndipo adabadwa patangopita zaka zochepa ukapolo utathetsedwa m'dzikomo. Maphunziro awo adachita ku Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta, komwe adaphunzira unamwino ndi ntchito ya umishoni.

M'chaka cha 1902 bungwe la National Baptist Convention lidawatumiza ku Providence Industrial Mission, imene Mbusa Chilembwe adaikhazikitsa mu 1900. Kumeneko adapezako Mbusa Landon Cheek, amenenso adachokera ku America. Mayi DeLany adaphunzitsa ana m'kalasi, adayambitsa gulu la amayi, ndiponso adatsegula maphunziro a zosoka a amayi ndi atsikana. Mayi Ida Chilembwe nawo adagwira ntchito yomweyo, ndipo adaipitiriza mnzawoyo atachoka.

Wina angafunse kuti singano ndi ulusi zili ndi chiyani. Masiku amenewo nsalu idali yodula, ndipo atsamunda ankayesa munthu poona zimene wavala. Mbusa Chilembwe ankafuna kuti anthu ake azioneka aulemu pamaso pa aliyense. Mayi wodziwa kuyeza, kudula ndi kusoka ankaveka banja lake popanda kupempha kwa mzungu. Choncho kalasi ya zosoka idalinso sukulu ya kudzidalira.

Mmodzi mwa ana amene Mayi DeLany adawaphunzitsa ndi Daniel Malekebu. Iyeyu adawatsatira ku America, nakatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Ndiye amene mu 1926 adadzatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe, yomwe boma lidaitseka nkhondo ya 1915 itatha.

Mu 1912 mayiwa adapita ku Liberia, komwe adakhazikitsa Suehn Industrial Mission. Adabwerera kwawo mu 1920, ndipo adamwalira mu 1922 ali ndi zaka 51.

Anzanga, ambiri mwa ife tinkaona phunziro la zosoka ngati la anthu olephera masamu. Lero kaunjika wadzaza m'misika, ndipo ana athu ambiri satha ngakhale kusokerera batani. Pempho langa n'lakuti pamsonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zosonkha ndalama zogulira sukulu yathu makina osokera, kuti luso limene mayiyu adawolokera nalo nyanja lisafere m'manja mwathu.