Philip Henry Gosse, munthu amene anaika nyanja m'galasi

Philip Henry Gosse anabadwa m'caka ca 1810 ku Worcester, ku England. Sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 17 anapita ku Newfoundland kukagwira nchito ya ukalaliki, ndipo kumeneko anayamba kudziphunzitsa yekha za tizilombo.

Atabwerera kwawo, anakonda kwambiri kanyama kochedwa anemone. Ife kuno ku Kalomwe nyanja ya mcere tili nayo kutali, ndiye mwina simunakaonepo. Mutakaona mungati ndi duwa lomera pamwala. Koma timanja take timaluma tinsomba n'kutikokera kukamwa.

Kusunga kanyamaka kunyumba kunali kovuta. Madzi ankaonongeka, iko n'kufa. Gosse ankaikamo zomera za m'nyanja, cifukwa zikalandira kuwala zimatulutsa mpweya umene nyama zimapuma. Mu 1853 anathandiza kudzaza matanki agalasi ku London Zoo, ndipo mu 1854 anatulutsa buku lakuti The Aquarium.

Bukulo linayenda malonda zedi. Anthu anakhamukira kugombe ndi zitini, n'kumazula tinyamato mpaka m'maiwe ena munatsala miyala yokhayokha. Mwana wake, Edmund, analemba kuti zimenezi zinawawawa mtima kwambiri bambo akewo. Gosse anamwalira mu 1888 pafupi ndi Torquay.