Dom Sebastião Soares de Resende, Episkopi Woyamba wa Beira (1906–1967)

Tsangano ndi Macanga asanakhale pansi pa dayosizi ya Tete, imene inakhazikitsidwa mu 1962, mbusa wa dera lathu lino anali Episkopi wa ku Beira. Ameneyo ndiye Dom Sebastião, wobadwira ku Milheirós de Poiares, m'dziko la Portugal, mu 1906.

Pamene anasankhidwa kukhala Episkopi mu 1943, anadza ndi maganizo amene anakula nawo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, Roma ndi boma la Salazar anali atapangana kuti mamishoni a Katolika ndiwo aziphunzitsa ana a anthu akuda. Iye, monga anzake ambiri, ankakhulupirira kuti kulalika Mthenga Wabwino ndi kukuza ulamuliro wa Apwitikizi ndi ntchito ziwiri zoyendera limodzi.

Chimene chinamtembenuza ndi maulendo. Dayosizi yake inali yaikulu koopsa, yophatikiza Tete ndi Zambézia yemwe, ndipo iye sanakhale chete m'nyumba ya mu mzinda. Poyendera mamishoni anaona amuna akugwidwa ndi asipayo kunka ku chibalo. Anaona mabanja akukakamizidwa kulima thonje logulidwa pa mtengo wachipongwe, minda ya chakudya ili m'thengo, ana akugona ndi njala. Achikulire athu amene anathawira ku Nyasaland m'zaka zimenezo safunika kuwafotokozera zimenezi.

Munthu wophunzira kwambiri, wovala chisoti cha uepiskopi, savomera msanga kuti zimene ankatamanda zili ndi chilema. Dom Sebastião sanasinthe tsiku limodzi ayi. Poyamba ankayesa kuti cholakwa chili mwa akuluakulu ena oipa mtima, ndi kuti boma likamva lidzakonza. Anadandaula m'makalata ake a ubusa ndi m'nyuzipepala ya Diário de Moçambique, imene anaiyambitsa mu 1950. Boma linayankha poiletsa kangapo. Pang'onopang'ono anazindikira kuti nthenda ili m'muzu, ndipo m'zaka zake zomaliza, atakhala nawo pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, ankaona kuti eni dziko ayenera kukonzekera kudzilamulira okha.

Sanadalire ansembe a kwao okha. Anaitana a maiko ena, monga Abambo Oyera, amene anaphunzitsa anyamata athu ku seminale ya Zóbuè, pafupi pompano. Anaumiriranso kuti mwana wa munthu wakuda apitirire sukulu ya pamudzi, afike ku maphunziro apamwamba. Kwa ine ichi ndicho chachikulu pa ntchito zake, pakuti anavomera kuti nkhosa zimene anadzaweta zingathe kutulutsa abusa awoawo.

Anamwalira ku Beira pa 25 Januwale 1967, kutatsala zaka zisanu ndi zitatu kuti dziko lilandire ufulu. Monga anapempha yekha, anaikidwa m'manda wamba, pakati pa anthu a mu mzindawo.