Anthu Otchuka a Dziko Lathu: Dr. Daniel Sharpe Malekebu, Dotolo wa ku Mbombwe

Mwa anthu onse obadwira m'dziko la Malaŵi, woyamba kulandira digiri ya udotolo anali mwana wa m'boma la Chiradzulu, Daniel Sharpe Malekebu. Iye anabadwa cha m'ma 1890, ndipo anayamba sukulu ku Mbombwe, pa Providence Industrial Mission, mishoni imene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa m'chaka cha 1900. Kumeneko anaphunzitsidwa ndi Mayi Emma DeLaney, mmishonale wachikuda wa ku Amereka, amene analinso ndi maphunziro a unamwino.

Mayiwo atabwerera kwawo m'chaka cha 1905, mnyamatayo mtima sunakhale m'malo. Anayenda pansi mpaka ku doko la Beira, nagwira ntchito m'sitima za pamadzi kufikira ataponda dziko la Amereka. Atatsiriza sukulu zina analoŵa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville, kumene anapambana mayeso a udotolo m'chaka cha 1917. Ndi sukulu yomweyo imene Dr. Kamuzu Banda anatsirizako maphunziro ake patapita zaka 20.

Malekebu anaphunzira pa nthaŵi yovuta. M'chaka cha 1910 Abraham Flexner analemba lipoti losonyeza kuti sukulu zambiri za ku Amereka zinali kutulutsa madotolo osaphunzira bwino, amene akanatha kuvulaza odwala m'malo moŵachiritsa. Sukulu zambiri zinatsekedwa, ndipo mwa sukulu 7 za madotolo achikuda zinapulumuka ziŵiri zokha, Howard ndi Meharry. Kuyambira apo dotolo anayenera kuphunzira sayansi mozama ndi kuzoloŵera ntchito pambali pa bedi la wodwala: kupima asanapereke mankhwala, kusamba m'manja, kuŵiritsa zipangizo, ndi kulemba mbiri ya matenda a munthu aliyense.

Koma nzeru zonsezi zinachedwa kufika kwawo. M'chaka cha 1915 kunabuka nkhondo ya Chilembwe, ndipo asilikali a boma la atsamunda anagumula tchalitchi cha ku Mbombwe ndi kutseka mishoni. Pamene Malekebu anabwera m'chaka cha 1921 pamodzi ndi mkazi wake Flora Zeto, wobadwira ku Congo, boma linamkaniza kukhala m'dziko muno poopa kuti angadzutse mapiri pachigwa. Motero dotolo amene anthu akwawo anali kumsoŵa anakagwira ntchito ku Liberia. Analoledwa kubwera m'chaka cha 1926, patatha zaka 9 chilandirire digiri yake.

Pa Mbombwe anapeza bwinja. Anatsegulanso sukulu, namanga tchalitchi chatsopano, nakhazikitsa chipatala. Apa ndi pamene pagona phunziro la moyo wake. Malekebu sanali mlendo wongodutsa ndi chikwama cha mankhwala. Anali mbusa wa anthu omwewo amene anali kuŵachiza, ndipo ana awo anali m'sukulu zake. Dotolo wotere amadziŵa kuti mwana wotsegula m'mimba akuchokera kubanja liti ndi kuti banjalo limatunga madzi pati. Wodwala nayenso sabisa kanthu kwa munthu amene amamkhulupirira, ndipo paja mutu ukakula sulewa nkhonya: dotolo wokhala pakati pa odwala ake sangathaŵe mlandu wa ntchito yake, pakuti akalakwitsa adzakumana ndi abale a wodwalayo m'maŵa mwake. Maphunziro okhwima ndi kudziŵa anthu zikakumana mwa munthu mmodzi, wodwala amakhala m'manja abwino.

Dr. Malekebu anamwalira m'chaka cha 1978, atatumikira mishoniyo zaka zambirimbiri. Lero zipatala zing'onozing'ono zafalikira m'Chiradzulu, ku Mbulumbuzi, ku Namitambo ndi ku PIM komwe, ndipo ogwira ntchito m'menemo ambiri ndi anamwino ndi othandiza madotolo, ena ongochoka kumene pa sukulu. Iwo ndiwo oyamba kuona mayi wapakati ndi mwana wotentha thupi. Akapima mosamala, akapereka mlingo woyenera wa mankhwala, akatumiza msanga ku chipatala chachikulu wodwala amene waŵakanika, ndiye kuti akupitiriza ntchito imene mnyamata wa ku Mbombwe anaiyendera pansi mpaka ku Beira.