Mayi Aisha (RA): amake Abdullah amene sadaberekepo

Kwathu kuno mkazi akangobereka, dzina lomwe adabadwa nalo limayamba kuiwalika. Apongozi, anansi ngakhalenso mwamuna wake amayamba kumuitana amake Yusufu kapena amake Mariamu, ndipo yemwe alibe mwana amamva kuwawa nthawi iliyonse anzake akamaitanidwa chotero iye nkumatchulidwa dzina lake la pautsikana. Arabu a m'nthawi ya Mtumiki Muhammad (SAW) adalinso ndi mwambo womwewu: bambo ankatchedwa Abu wakuti, mayi Umm wakuti. Mayi Aisha bint Abi Bakr (RA) ankadziwika ndi dzina loti Umm Abdullah, kutanthauza amake Abdullah, chikhalirecho sadaberekepo mwana moyo wawo wonse.

Adabadwira ku Makkah uthenga wa Chisilamu utayamba kale kumveka. Bambo awo adali Abu Bakr as-Siddiq (RA), bwenzi la pamtima la Mtumiki, ndipo mayi awo adali Umm Ruman. Pamene ankayamba kuzindikira zinthu, makolo awo onse awiri nkuti ali kale Asilamu. Adalowa m'nyumba ya Mtumiki ku Madinah pambuyo pa msamuko wa m'chaka cha 622, ndipo mwa akazi onse a Mtumiki, iwo okha ndi omwe adali asanakwatiwepo kwina. Nyumbayo idali kachipinda kamodzi kogundizana ndi mzikiti, kofoleredwa ndi masamba a mitengo ya tende, kopanikiza kwambiri moti usiku Mtumiki akafuna kugwetsa nkhope pansi pa Swala ankayamba wawakhudza kuti apinde miyendo. Mwezi unkatha moto wophikira osasonkhedwa, banjalo likukhalira tende ndi madzi.

M'kachipinda kameneka adakhalamo ndi Mtumiki zaka pafupifupi 9, ndipo mwana sadabwere. Ilipo nkhani ina yomwe imati adapitapo padera mwana wamwamuna, koma akatswiri a Hadith adaikana kuti njosatsimikizika.

Tisaganize kuti nkhani ya ana inkawadutsa patali. Mayi Khadijah (RA), omwe adamwalira Mayi Aisha asanalowe m'banjali, adamuberekera Mtumiki ana 6: Qasim, Zainab, Ruqayyah, Umm Kulthum, Fatimah ndi Abdullah. Mayi Aisha sankabisa kuti sadachitepo nsanje ndi mkazi aliyense ngati momwe ankachitira ndi Mayi Khadijah, munthu yemwe sadakhale naye m'nyumba imodzi ngakhale tsiku limodzi. Mtumiki ankawatchula kawirikawiri, akapha mbuzi ankatumiza nyama kwa anzawo a malemuwo, ndipo atadandauliridwa, chimodzi mwa zomwe adayankha chidali choti kudzera mwa mayi amenewa ndimo adapatsidwa ana. Kenako m'chaka cha 8 cha msamuko, Mariyah wa ku Egypt adabereka Ibrahim. Mayi Aisha adaona ndi maso awo Mtumiki akusangalala ndi khandalo, ndipo Mtumikiyo adakhetsa misozi mwanayo atamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Yense amene adakhalapo pa mitala ali wopanda mwana, mnzake ali ndi khanda kumsana, akudziwa kulemera kwa masiku ngati amenewo.

Dzina la Umm Abdullah lidabwera chifukwa cha dandaulo. Mayi Aisha adauza Mtumiki kuti anzawo onse ali ndi maina oitanidwira ana awo kupatula iwo okha. Mtumiki sadawakalipire kuti akudandaula zazing'ono, sadawalonjezenso kuti adzabereka chaka chamawa. Adawauza kuti adzitchule ndi dzina la Abdullah, mwana wa mkulu wawo Asma ndi Zubair ibn al-Awwam. Mwana ameneyu adali ndi mbiri yakeyake. Asilamu atangosamukira ku Madinah kudamveka mphekesera yoti alodzedwa ndipo sadzaberekanso. Abdullah ndiye adali woyamba kubadwa mwa osamukawo, ndipo kubadwa kwake kudathetsa mphekeserayo. Mtumiki adatafuna tende nkumuika mkamwa, ndi kumupempherera. Zoti kusabereka nkulodzedwa, monga mukuonera, si maganizo a dzulodzuloli, ndipo ngakhale nthawi imeneyo adali mabodza.

Chomwe chimandigwira mtima m'mbiri imeneyi ndi choti kusabereka sikudawatsitse Mayi Aisha ngakhale pang'ono pamaso pa mwamuna wawo. Amr ibn al-As (RA) atafunsa Mtumiki za munthu yemwe amamukonda koposa, dzina lomwe adamva lidali la Aisha, ndipo atafunsa za amuna, adamva la bambo awo. Achinyengo a ku Madinah atawanamizira zachiwerewere pobwerera ku ulendo wa Banu Mustaliq, Allah adatsitsa ndime za mu Surah An-Nur zowayeretsa, zomwe tikuwerengabe pa Swala mpaka lero. Mtumiki atadwala matenda omaliza adapempha akazi ake ena kuti amulole akadwalire kwa Mayi Aisha. Adamwalira m'chaka cha 632 atatsamira pachifuwa chawo, ndipo adaikidwa m'chipinda chomwecho.

Ife kuno tapatuka patali ndi njira imeneyi. Zikangodutsa zaka ziwiri mkazi osaima, achibale a mwamuna amayamba kunong'ona mawu oti chumba, ena nkumalangiza talaka, ena kwa asing'anga, enanso nkumakonza zolowetsa fisi m'nyumba mwachinsinsi, zomwe ndi chiwerewere basi ngakhale zivekedwe dzina la mwambo. Chonsecho Surah Ash-Shura, ndime 49 ndi 50, idafotokoza kale kuti kupatsa ana aakazi, ana aamuna, kapena onse pamodzi, ngakhalenso kusiya munthu wosabereka, zonse zili m'manja mwa Allah. Madokotala nawo amatiuza kuti vuto kawirikawiri limapezekanso mwa mwamuna, ndi kuti matenda opatsirana osachizidwa msanga, ngakhalenso likodzo lomwe lidafala m'mphepete mwa nyanja, amatha kuononga njira za uchembere. Kupita kuchipatala awiriawiri sikutsutsana ndi kudalira Allah. Ngakhale njira ya IVF, yokumanitsa mbewu ya mwamuna ndi dzira la mkazi kunja kwa thupi, yomwe mwana wake woyamba adabadwa ku England mu 1978, Mufti wa ku Egypt, Sheikh Jad al-Haq, adailoleza mu 1980 pokhapokha mbewu ndi dzira zikhale za awiri omwe ali pa nikaah, popanda munthu wachitatu. Mayi Aisha iwo eni ankadziwika ndi luso la mankhwala, lomwe adaliphunzira posamalira Mtumiki pa matenda ake.

Tibwerere ku Madinah. Imfa ya Mtumiki idawapeza Mayi Aisha akadali achichepere, a msinkhu woti mkazi wina aliyense akadakwatiwanso nkubereka. Koma Surah Al-Ahzab idawatcha akazi a Mtumiki kuti ndi amayi a okhulupirira onse, ndipo idaletsa aliyense kuwakwatira pambuyo pake. Apa khomo la uchembere lidatsekeka kotheratu. Adakhala ndi moyo zaka zina 46 akudziwa bwino lomwe kuti mwana wa m'mimba mwawo sadzakhalapo.

Zaka zimenezi nyumba yawo sidakhale zii. Idadzaza ndi ana amasiye, ambiri a iwo ana a abale awo. Sadawasinthe maina kuti aoneke ngati obereka okha, pakuti Chisilamu chimalamula kuti mwana aitanidwe ndi dzina la bambo wake womubereka. Chuma cha anawo ankachipereka kwa amalonda kuti chizipindula m'malo mongodyeka, ndipo ankachichotsera Zakaat. Tsiku lina Mtumiki akadali moyo, mayi wina wosauka adafika pakhomo ndi ana ake aakazi awiri. M'nyumbamo mudali tende imodzi yokha. Mayi Aisha adaipereka, ndipo adaona mayiyo akuigawa pakati nkupatsa anawo, iye osalawako. Chithunzi chimenechi chidawakhala mumtima moti adachifotokozera Mtumiki atangolowa, ndipo adapitiriza kuchifotokozera ophunzira awo.

Ophunzirawo ndiwo adakhala mbumba yawo. Kudzera mwa Mayi Aisha tidalandira ma Hadith 2,210, ambiri a iwo okhudza za m'nyumba zomwe amuna sakadaziona: kusamba kwa janaba, masiku a kumwezi, Swala za usiku, kukhalirana kwa mwamuna ndi mkazi. Abu Musa al-Ash'ari (RA) adachitira umboni kuti Maswahaba akasokonezeka pa nkhani ya Hadith ankapita kwa iwo ndipo ankabwerako ndi yankho. Urwah, mng'ono wake wa Abdullah, adakulira pamapazi awo nadzakhala mmodzi mwa akatswiri 7 a malamulo a ku Madinah. Amrah bint Abdur-Rahman, mtsikana yemwe adamulera, adafika poti Khalifa Umar ibn Abdul-Aziz adalamula kuti ma Hadith omwe ankawadziwa alembedwe asanatayike.

Moyo wawo sudali wosalala. M'chaka cha 656, pambuyo pa kuphedwa kwa Uthman (RA), adapezeka pa nkhondo ya Ngamira ku Basra, kumene Asilamu adaphana okhaokha. Mchimwene wawo Muhammad ibn Abi Bakr adali kumbali ya Ali (RA), ndipo ndiye adawaperekeza pobwerera. Adanong'oneza bondo za ulendowu mpaka imfa. Patangopita zaka ziwiri Muhammad adaphedwa ku Egypt, ndipo mwana wake Qasim adaleredwa ndi azakhali ake. Nayenso adadzakhala mmodzi mwa akatswiri 7 aja, ndipo mwana wake wamkazi Umm Farwah ndiye adabereka Ja'far as-Sadiq.

Nanga Abdullah, mwini dzina? Ubale wawo udali wa mayi ndi mwana ngakhale pa kukhumudwitsana. Mayi Aisha sankasunga chuma, chikafika ankagawa tsiku lomwelo. Abdullah adanena poyera kuti akapanda kusiya adzawaletsa kuyendetsa okha chuma chawo. Mawuwa atawapeza adalumbira kuti sadzamuyankhulanso. Adatumiza anthu kukapepesa koma adakana. Pomaliza adapempha Miswar ibn Makhramah ndi Abdur-Rahman ibn al-Aswad kuti amubise pakati pawo popempha chilolezo cholowa. Ataloledwa onse, iye adadutsa kuseri kwa nsalu yotchinga nkuwakumbatira akulira. Adagonja nkumuyankhula, ndipo pofuna kulipa lumbiro lomwe adaphwanya adamasula akapolo 40. Ngakhale zidatero, akakumbukira lumbirolo ankalira mpaka mpango wawo kunyowa.

Malo omwe adatsala m'chipinda chawo, pafupi ndi manda a mwamuna wawo ndi a bambo awo, adali atadzisungira okha, koma adawapereka kwa Umar (RA) atawapempha ali pafupi kumwalira mu 644. Kwa Abdullah adasiya mawu oti adzawaike ku Baqi pamodzi ndi akazi anzawo. Adamwalira mu Ramadhan, chaka cha 58 cha msamuko, chomwe ndi 678. Adaikidwa usiku womwewo pambuyo pa Swala ya Witr, anthu a ku Madinah atakhamukira ku Baqi ndi miuni m'manja. Abu Hurairah (RA) ndiye adatsogolera Swala ya janaza. Omwe adatsikira m'manda kukalandira thupi adali ana a abale awo, ndipo pakati pawo padali Abdullah, Urwah ndi Qasim.