William Koyi: anafesa kwa Angoni koma sanakolole

Anthu a ku Mchinji, kuyambira kwa Kapondo mpaka kumalire a Mwami, amawadziwa bwino Angoni a Mpezeni. Koma ndi angati amene anamvapo za mlaliki amene anapirira zaka zinayi pakati pa Angoni a M'mbelwa, mbale wake wa Mpezeni, popanda ndi mmodzi yemwe wobatizidwa?

Mkuluyu anali William Koyi, Mxhosa wa ku South Africa, yemwe anabadwa m'chaka cha 1846. Sanali munthu wa maphunziro apamwamba ayi. Anayamba ndi ntchito yoyendetsa ngolo, kenaka n'kukagwira ntchito ku Port Elizabeth komwe anatembenuka mtima. Sukulu ya Lovedale anakailowa ali kale bambo wandevu zake.

M'chaka cha 1876, Dr James Stewart anapempha anthu odzipereka kuti akathandize mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Anasankhidwa anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Akuti Koyi anadzichepetsa pamaso pa anzakewo ponena kuti iye analibe luso lambiri, koma anali wokonzeka ngakhale kukatema nkhuni ndi kutunga madzi.

Zinthu sizinayende bwino. Wauchope anabwerera chifukwa cha matenda, Mngunana anamwalira mu 1877, ndipo patapita zaka zochepa Ntintili naye anabwerera kwawo. Wodziderera uja ndiye anatsala.

Chida chake chachikulu chinali lilime. Chixhosa n'chapachibale ndi Chingoni, choncho pamene Dr Robert Laws anakakumana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, Koyi ndiye anali pakamwa pake. Mu 1882 anakakhazikika pa Njuyu, m'boma la Mzimba.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Masiku amenewo Angoni anali pankhondo ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja, omwe anali pa ubwenzi ndi amishoni ku Bandawe. Kulalikira ankamulola pang'ono, koma sukulu mafumu anakanitsitsa poopa kuti anyamata akaphunzira adzataya nthungo ndi zishango. Mnzake amene ankakhala naye, James Sutherland, anamwalira mu 1885. Wina aliyense akanangomanga katundu n'kubwerera kwawo, ndipo palibe akanamudzudzula. Koma Koyi ankakhulupirira kuti Mulungu amene analonjeza kuti mawu ake sabwerera chabe sanganame.

Komatu kunali kamoto kena kamene kankayaka mobisa. Ana a sing'anga wina wa banja la a Tembo ankabwera usiku, mozemba, kudzaphunzira kuwerenga.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula inavuta kwa Angoni. Ng'ombe zinaphedwa popereka nsembe kwa makolo koma kumwamba kunali mbee! Posowa pogwira, akuluakulu anapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Dr Walter Elmslie, yemwe anali atafika pa Njuyu chaka chapitacho, anachititsa mapemphero Lamulungu ndipo mvula inagwa posakhalitsa. Ena anganene kuti zinangokumanizana, koma kwa Angoni ambiri nkhani inali itatha.

Patapita miyezi ingapo, M'mbelwa ndi nduna zake analoleza sukulu. Uthengawu unamupeza Koyi ali gone pamphasa, matenda atamufooketsa. Malinga ndi Elmslie m'buku lake la Among the Wild Ngoni, wodwalayo anathokoza monga muja anachitira nkhalamba Simeoni itaona Yesu wakhanda m'Kachisi.

Koyi anatisiya pa 4 June 1886 ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo anaikidwa pa Njuyu pomwepo. Mawelera ndi Makara Tembo, ophunzira a usiku aja, anabatizidwa mu 1890 ngati Akhristu oyamba pakati pa Angoni a M'mbelwa. Pomukumbukira, Sinodi ya Livingstonia inatcha nyumba yake ya alendo ku Mzuzu dzina loti William Koyi.