MALEMU ALICK NKHATA NDI CHIYAMBI CHA WAILESI YA ANTHU ONSE

M'mawa uliwonse mawu a wailesi amamveka m'nyumba za ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri. Mayi akusonkha moto, bambo akukonzekera ulendo wa ku ntchito, mwana akulongedza makope ake, koma onsewo khutu lili ku nkhani, ku mauthenga a maliro ndi ku nyimbo. Tinazolowera kotero kuti sitifunsanso kuti mawuwa anayamba liti, linawakhazikitsa ndi lamulo liti, ndipo mwini wake ndani. Lero tafuna kuyankha mafunso amenewa pokumbukira moyo wa malemu Alick Nkhata a ku Zambia, pakuti tisanakhale ndi nyumba yathuyathu youlutsira mawu pa Chichiri, Chinyanja chimene makolo athu ankamva pa wailesi chinkachokera ku Lusaka, kumene a Nkhatawo ankagwira ntchito.

A Nkhata anabadwira ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, m'chaka cha 1922. M'chaka chomwecho ku London kunayamba kampani youlutsa mawu ya BBC motsogozedwa ndi John Reith. Pa 1 Januwale 1927 kampaniyo inasanduka bungwe lokhazikitsidwa ndi chikalata cha Mfumu ya ku Mangalande. Cholinga chinali chakuti wailesi isakhale katundu wa amalonda kapena pakamwa pa nduna, koma ikhale ya anthu amene ankailipirira laisensi, ndipo iziwadziwitsa, kuwaphunzitsa ndi kuwasangalatsa. Ganizo la wailesi ya anthu onse linayambira pamenepo.

Koma atsamunda sanabweretse ganizoli kuno lathunthu. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inatsegulidwa mu 1941 ngati nthambi ya dipatimenti ya boma yofalitsa nkhani, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuuza anthu za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, makamaka mabanja amene ana awo anali atapita ku usilikali. Mmodzi mwa anyamata amene anapita ku nkhondoko anali Alick Nkhata, yemwe anakafika mpaka ku Burma. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, katswiri amene ankayenda m'maiko a kuno kum'mwera kwa Afrika kujambula nyimbo za makolo. Kumeneko anaphunzira kuti nyimbo ya pa mtondo ndi ya pa bwalo la gule ndi chuma choyenera kusungidwa ndi ulemu.

Nkhondo itatha, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anagwirizana kugawana ntchito: Salisbury aziulutsira Azungu, Lusaka aziulutsira Aafrika a m'maiko atatuwo. Motero nyumba ya ku Lusaka inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga cha ku Zambia, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto linali lakuti anthu akuda analibe mawailesi. Mkulu wa dipatimenti yofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Wailesiyo inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo popeza inkaoneka ngati sefuliya inatchedwa Saucepan Special. Mphunzitsi, kalaliki kapena munthu wobwera ku migodi akagula imodzi, madzulo pakhomo pake pankadzaza anansi.

M'masiku amenewo a Nkhata analowa ntchito pa nyumba ya wailesiyo, monga muulutsi, womasulira ndi woyimba. Ndi gitala lawo ndi anzawo ochepa, ankatenga nyimbo za kumudzi nkuziyimba mwatsopano, m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Ankayimba za ukwati, za mowa, za mnyamata wonyengeka ndi moyo wa m'tauni, za mtima wofuna kwawo. Ankalangiza moseka, monga amachitira agogo pa moto, osati mokalipa ngati mesenjala wa kwa bwanamkubwa. Chifukwa cha iwo ndi aulutsi anzawo, bokosi limene boma linapangira kulengeza zofuna zake linayamba kulankhula ngati munthu wa pa mudzi, ndipo anthu analikonda nayamba kulilembera makalata.

Chikondicho chinayesedwa pamene inabuka nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 Aafrika akukana. Aulutsi achikuda ankawerenga nkhani zokonzedwa ndi boma lomwe linkakakamiza Chitaganyacho, ndipo omvera anayamba kuwakayikira. Ku Lusaka kunafala mphekesera yakuti ogwira ntchito pa wailesi akugwirizana ndi banyama, amene kuno timati anamapopa. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito pa nyumbayo, anafotokoza za masiku oopsawo m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, lomwe linatuluka mu 1959. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: muulutsi anali pakati pa boma lomulipira ndi anthu omumvera, ndipo panalibe lamulo lomutchinjiriza. Mu 1958 ntchito yonse youlutsa mawu inaperekedwa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation. Dzina linali la bungwe loima palokha, koma anthu a ku Nyasaland, makamaka itatha 3 Malichi 1959 pamene atsogoleri awo anamangidwa, ankaliona ngati pakamwa pa boma la ku Salisbury. A Nkhata anasankha mbali ya anthu awo, ndipo luso lawo analiperekanso ku nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP pa nkhondo yomenyera ufulu.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo dziko lililonse linatenga wailesi yake. Kuno Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Malawi Broadcasting Corporation ndi lamulo la 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye. Ku Zambia, kumene ufulu unabwera pa 24 Okotobala chaka chomwecho, bungwe la wailesi linasandutsidwa dipatimenti ya boma mu 1966, ndipo linadzakhalanso bungwe ndi lamulo la 1987 lomwe linabala Zambia National Broadcasting Corporation. A Nkhata anakwera nakhala mmodzi wa atsogoleri a wailesi ya dziko lawo, anatsogoleranso ntchito za chikhalidwe, ndipo gulu limene anayambitsa, Lusaka Radio Band, linadzatchuka ndi dzina lakuti Big Gold Six.

Kwathu kuno MBC inakhala yokhayokha kwa zaka pafupifupi 30 pansi pa boma la chipani chimodzi. Mu 1968, Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinabwereranso mu 1994. Zilankhulo zina zinatsatira pambuyo pake. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso kwa nyumba zoulutsa mawu, ndipo linalamula MBC kutumikira anthu onse mosakondera chipani. Wailesi ya kanema ya boma inayamba mu 1999, ndipo lamulo lina linalowa m'malo mwa lakalelo mu 2016. Tikaona mndandanda umenewu tipeza kuti funso limene linasautsa aulutsi a ku Lusaka mu 1953 ndi lomwe aphungu athu akhala akuyesa kuliyankha: kodi wailesi ndi ya olamula kapena ya omvera?

A Nkhata anapuma pa ntchito mu 1974 napita kukalima ku Mkushi. Mu Okotobala 1978 asilikali a boma la Ian Smith analowa m'dziko la Zambia kudzaphwanya misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe otsatira Joshua Nkomo, ndipo pa chiwembu cha ku Mkushi a Nkhata anaphedwa ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera pafupi ndi munda wake. A ku Zambia sanawaiwale: msewu umene pali likulu la wailesi ya dziko lawo ku Lusaka umatchedwa Alick Nkhata Road.

Phunziro limene tikutolapo ndi ili. Lamulo limamanga nyumba ya wailesi, limaika atsogoleri ake ndi kunena kumene ndalama zichokere, koma silingagule chikhulupiriro cha mayi wa ku Ndirande amene watchera khutu. Chikhulupirirocho chimabwera pamene womvera wamva chilankhulo chake, nyimbo yake ndi zoona zokhazokha, ndipo chikatayika sichibwerera msanga. Tsono inu ogwira ntchito m'boma, mukapatsidwa mpata wolankhula pa wailesi kumbukirani kuti mwabwereka chinthu cha eni ake. Inunso aphunzitsi, auzeni ana a sukulu mbiri imeneyi, kuti akule akudziwa kuti wailesi ya fuko ndi yawo mwa lamulo, ndi kuti ali ndi ufulu wofunsa mmene ikuyendetsedwera. Tikatero tidzakhala titalemekeza malemu Alick Nkhata ndi aulutsi onse oyambirira amene anaphunzitsa wailesi kulankhula chilankhulo chathu.